Dzanja la Nachoko

Ulemu wina ndi katundu, ndipo Nachoko anazindikira zimenezi phewa litayamba kale kuwawa.

Dzinali silinali lake la pobadwa. Anamupatsa ndi anzake a m'kalasi yomaliza ya pulaimale, chifukwa tsiku ndi tsiku mtsikanayu ankaweruka ali mbuu ndi fumbi la choko, m'manja, m'nsidze, pa kolala ya yunifolomu, mwina mpaka pamilomo. Mlandu wake unali umodzi wokha: ankalemba bwino. Zilembo zake zinali zozungulira, zofanana misinkhu, zoyenda mumzere ngati wazikokera chingwe. Ngakhale wa kumbuyo kwenikweni, wotsamira khoma, ankaziwerenga osatsinzina diso.

Aphunzitsi a kalasiyo anali bambo wachikulire, wofatsa mpaka kukwiyitsa, ndipo ankaphunzitsa okha maphunziro onse kwa ana oposa makumi asanu ndi atatu. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kukana. Likafika pa msinkhu wa phewa linkaima pomwepo, ndipo akalikakamiza nkhope inkachita tsinya, choko n'kugwa. Mabuku pasukulupo anali ochepa, moti manotsi onse ankayenera kudutsa pa bolodi. Ndiye m'mawa wina wa teremu yoyamba anaitana Nachoko n'kumupatsa chibuku chawo cha chikuto chakuda, momwe munali manotsi a zaka ndi zaka.

"Kwera pa benchipa. Uyambire apa, ukalekezere apa. Enanu kopani."

Tsiku limenelo Nachoko anaweruka akuyenda ngati wavala nsapato zatsopano. Amayi ake, amene ankagwira ntchito yosita pa shopu yochapa zovala, anauza aliyense wobwera kudzatenga malaya kuti mwana wawo ndiye dzanja la aphunzitsi. Paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Nyerere zake zinali izi: wolemba pa bolodi salemba m'kope. Anzake akamadzaza masamba, iye anali atawafulatira, chibuku kumanzere, choko kumanja. Bolodi likadzaza ankadikira ochedwa amalize, n'kufufuta, n'kuyambanso pamwamba. Belu likalira aliyense ankatseka kope lodzaza, ndipo iye yekha ankatsika pa benchi kukapeza makope ake ali oyera mmene anawasiyira. Mawuwo ankachoka m'chibuku, kudutsa m'maso, kutsikira m'dzanja, osapatukira m'mutu ngakhale pang'ono. Mukanamufunsa madzulo kuti walemba chiyani lero, akanangokuuzani kuti mabolodi asanu.

Panalinso china. Ahedi a pasukulupo, mayi wamtali wa magalasi, anali atanena poyera kuti mwana amabwera kudzaphunzira, osati kudzagwira ntchito ya mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amene walephera kugwira choko anene, amupezere kochita kwina. Kochita kwinako aliyense ankakudziwa, kunali kunyumba. Choncho kalasi yonse inali ndi kachinsinsi kake. Nsapato za ahedi zikamveka pakhonde, wokhala pafupi ndi chitseko ankatsokomola kawiri, Nachoko n'kudumpha pa benchi kukadzipanikiza pa desiki iliyonse, aphunzitsi n'kuima pafupi ndi bolodi choko chili m'manja. Palibe anawaphunzitsa zimenezi. Anawo ankawakonda bambowo, basi.

Poyamba Nachoko ankayesetsa. Ankabwereka makope kwa mnzake wa pamtima, amene onse ankamutchula Kankhuku chifukwa zolemba zake zinali ngati pamene papalasa nkhuku. Kankhuku analinso ndi khalidwe lodumpha mizere ikamutopetsa. Ndiye taganizani, munthu walemba yekha chinthu choyera bwino m'mawa, masana akuvutika kuchiwerenga chitasanduka mapazi a nkhuku, pakati pakusowa mizere itatu. Pamwamba pa izo panali homuweki, masamu makumi awiri tsiku lililonse ndi chimangirizo kawiri pa sabata, ndipo homuweki inali ndi chikwapu pomwe manotsi analibe. Dzanja likatopa ankati mawa. Mawa anachuluka mpaka anakwana materemu awiri ndi theka.

Lolemba lina, kutatsala milungu isanu kuti mayeso omaliza ayambe, ahedi analowa m'kalasi. Wa pachitseko anatsokomola mochedwa pang'ono, moti Nachoko anagunda bondo pa desiki pothawa.

"Lachisanu ndidzaona makope a aliyense," anatero ahedi. "Sayansi, ulimi, mbiri, zonse. Amene manotsi ake ndi operewera ndiye kuti sanakonzeke, ndipo wosakonzeka sindimutumiza ku mayeso kukachititsa manyazi sukulu. Adzabwereza kalasi. Mwamva?"

"Inde, ahedi!"

Nachoko anayankha nawo. Pa buleki anatsegula makope ake pafupi ndi a Kankhuku n'kuyerekeza. La mbiri linalekezera pakati. La ulimi linali ndi mitu iwiri yokha. La sayansi linali ndi mutu wolembedwa mokongola, wodulidwa mzere kunsi ndi rula, kenaka tsamba loyera, ndi linanso, ndi linanso.

Ataweruka anatsalira. Aphunzitsi anali pa tebulo lawo, atakwiririka ndi mulu wa makope a homuweki, akuchonga pang'onopang'ono, chigongono atachitsamiritsa pa dikishonale.

"Aphunzitsi, ndimati ndipemphe."

"Nena."

"Sabata ino yokha ndisalembe pa bolodi. Makope anga sanadzaze."

Anaika bolopeni pansi n'kupukuta m'maso. "Atsala masamba angati?"

"Ambiri."

"Bwanji sunanene kale?"

Funso limenelo linamuwawa Nachoko, chifukwa bambowo anali naye m'chipinda chimodzi miyezi yonseyi, ndipo maso anali nawo. Koma mwana sayankha zotero. Anangoyang'ana zala zake.

"Yatsala mitu iwiri yokha kuti timalize silabasi," anatero aphunzitsi motsitsa mawu. "Ukatsika iwe akwera ndani? Kankhuku? Pirira mpaka Lachinayi. Za Lachisanu tiona."

Tiona wa munthu wotopa ndi mawu ongotsekera pakamwa, ndipo Nachoko anadziwa. Koma anawayang'ana mmene anakhalira, phewa limodzi litatsika, ndipo mtima wokana unamuthera.

Kuchoka kusukulu sankapita kunyumba, ankapita ku shopu kwa amayi ake. Kuseri kwa kauntala kunali chipinda chotentha, chonunkha sopo ndi nthunzi, chokhala ndi makina awiri ochapira amene ankagwedeza pansi. Malo ake anali pa ngodya ya tebulo lopindira zovala, pa chidebe chovundikira. Tsiku limenelo anayala makope asanu ndi limodzi, atatu ake ndi atatu a Kankhuku, amene anabwereketsa monyinyirika chifukwa nayenso anali ndi mabowo ofunika kutseka.

Amayi ake anamvetsera nkhani yonse simbi ili m'manja, ikupita ikubwera pa buluku la munthu wina.

"Ndiye ukuti wadzazitsa makope a sukulu yonse, ako ali mbee?"

"Eya."

Anaseka, koma kuseka kosafika m'maso. "Watengera ine, mwanawe. Taona bulauzi yangayi. Ndimasita za eni kuyambira m'mawa, yanga makwinya okhaokha ngati yatuluka m'kamwa mwa ng'ombe." Anaimika simbi. "Mawa ndipita kwa ahediwo ndikawauze zoona."

"Ayi, amayi! Aphunzitsi awachotsa ntchito."

"Nanga iwe ubwereze kalasi chifukwa cha phewa la munthu? Chaka chathunthu? Ine ndingathenso chaka china ndikukudikira pa chidebe pamenepo?"

"Ndimaliza. Musapite, chonde."

Mayiwo anatolanso simbi. "Lemba ndiye. Pakamwa sipadzaza kope."

Nachoko analemba. Lachiwiri m'mawa analemba mabolodi anayi, masana masamba khumi ndi awiri, homuweki pamwamba. Lachitatu chala chapakati chinatupa pamene pamakhala bolopeni, ndipo akatambasula dzanja zala zinkabwerera zokha ngati zagwirabe kanthu. Zilembo zokongola zija zinayamba kugona chammbali. Anapeza kuti wakopa ndime imodzi kawiri osazindikira. Kunena zoona, pofika madzulo a tsiku limenelo sankaopanso kubwereza kalasi monga ankaopera Lolemba. Ankangofuna kuti dzanja likhale pamwendo, lisachite kanthu.

Amayi ake anaona. Potseka shopu anatola makope a ulimi, la mwanayo ndi la Kankhuku, n'kuwalowetsa m'chikwama chawo.

"Awa ndisiyire."

"Amayi, inu?"

"Ine bwanji? Sukulu ndinaisiyira panjira, inde, koma kukopa si kujambula? Chimene ndaona ndichitenga ndichiika apa. Ukuganiza kuti ndi maloto?"

Lachinayi pa nthawi yawo yopuma sanadye. Anakhala pa chidebe chija, lilime lili pakona ya mlomo, n'kujambula chilembo chimodzichimodzi, akudinikiza bolopeni ngati akusita kolala youma. Nachoko atafika anapeza masamba asanu ndi awiri odzaza ndi zilembo zikuluzikulu zopendekeka, zoboola mpaka kuseri. Amayi ake anali akupukusa dzanja.

"Iii, ntchito yanuyi ndi yoipa kuposa simbi. Tayang'ana, ndalakwitsa?"

Nachoko sanayang'ane n'komwe. Anangoti, "Zili bwino, amayi." Chikondi chinamugwira pamodzi ndi chisoni, chifukwa ankadziwa kuti ngakhale ndi masamba amenewa la sayansi linali lidakali patali, ndipo dzuwa linali litapendeka.

Lachisanu ahedi anabwera belu loyamba litangolira. Anakhala pa tebulo la aphunzitsi, aphunzitsiwo n'kukaima pafupi ndi zenera. Pa bolodi panali padakali manotsi a dzulo lake, kuyambira pamwamba mpaka pafupi ndi pansi, chifukwa ochedwa anali atapempha kuti asafufutidwe. Ahedi analoza kampata kotsala pa ngodya.

"Amene ndamubweza alembe yekha dzina lake apo, kuti asadzati ahedi anandinamizira."

Ana anafola ndi makope m'manja. Ahedi ankanyowetsa chala, kutsegula, kuvundukula masamba mofulumira, kenaka "Pita" kapena "Ku bolodi." Kankhuku anapulumuka, ngakhale anauzidwa kuti woyesa mayeso si sing'anga woti aziombeza zolemba zake. Pofika pa Nachoko pa ngodya paja panali mayina anayi.

La mbiri linadutsa. La ulimi ahedi analitsegula, n'kuima pakati.

"Awa ndi manja awiri. Uyu ndani?"

"Amayi anga."

M'kalasi munamveka kuseka kobisa. Ahedi anayandikitsa kope ku magalasi. "Mitundu ya dothi. Dothi la mchenga, dothi la makande, belu lilira liti ndafa ndi njala, dothi la katondo." Anakweza maso. "Dothi limeneli ndi la kuti?"

Kalasi inaphulika. Kankhuku anabisa nkhope m'manja, chifukwa mawuwo anali ake, anawalemba m'mphepete mwa tsamba tsiku lina njala itamupweteka, ndipo mayi wa mnzake anawajambula mokhulupirika pamodzi ndi dothi. Nachoko sanaseke. Manyazi amene anamva sanali a iye mwini, anali a amayi ake, amene anasiya kudya kuti anthu makumi asanu ndi atatu awaseke.

Ahedi anamenya tebulo, phokoso n'kutha. Anatsegula la sayansi. Anavundukula, kuvundukula, kuvundukula, mapepala oyera akungolira.

"Iwe ndimakudziwa, sujomba. Nanga anzako akamakopa, iwe umakhala uli kuti?"

Funsolo linali ndi yankho lalifupi, ndipo aliyense m'chipindamo ankalidziwa kupatula wofunsayo. Kankhuku anakweza dzanja mpaka pa khutu, n'kulisandutsa lokanda m'mutu. Nachoko anaponya diso ku zenera. Aphunzitsi anali atayang'ana pansi, dzanja lodwalalo ataligwira ndi linzake, milomo ikuyenda popanda mawu. Anaoneka okalamba kuposa Lolemba. Mtsikanayo anawakwiyira, anawamveranso chisoni, ndipo analibe mphamvu zosankha pakati pa ziwirizi.

"Ndimakhala ndili m'kalasi momwe muno," anatero.

"Ndiye ndi ulesi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ku bolodi."

Nachoko anatola choko. Zala zinachilandira mwachizolowezi, ndipo pomwepo anazindikira ngozi yake. Pamwamba pa kampata kaja panali mizere makumi awiri ya zilembo zake. Akangolemba dzina mmene amalembera, ahedi sadzafunikanso kuuzidwa ndi munthu.

Choncho anachifumbata choko chija ngati mwana wa kalasi yoyamba. Chilembo choyamba anachikulitsa, chachiwiri anachipinda msana, chachitatu anachigwetsa kunsi kwa mzere. Dzanja linkakana, linkafuna kuwongola, ndipo iye ankalikakamiza kukhota. Mwa zonse zimene analemba chaka chimenecho, palibe chinamutopetsa ngati dzina lakelo. Atamaliza anaima chofulatira, kuopa kuti akatembenuka misozi ioneka.

"Fufuta."

Sanali mawu a ahedi. Anachokera ku zenera.

"Fufuta zimenezo. Lemba bwino, mmene umalembera masiku onse."

Nachoko anatembenuka. "Aphunzitsi..."

"Lemba, mwana wanga. Nane ndatopa."

Anafufuta ndi chikhatho. Anagwira choko ndi zala zitatu, ndipo dzinalo linatuluka lokha, lozungulira, loongoka, lofanana misinkhu.

Ahedi anayang'ana dzinalo. Kenaka maso awo anakwera mzere ndi mzere mpaka pamwamba pa bolodi, pamene munthu wa msinkhu wa mwanayo sangafike popanda kupondera, n'kutsikira pa benchi imene inali itakankhidwira kukhoma, pamwamba pake pali madindo a nsapato zazing'ono m'fumbi loyera. Anavula magalasi.

"Kuyambira liti, aphunzitsi?"

"Teremu yoyamba."

"Maphunziro onse?"

"Onse. Dzanjali silikwera. Ndinaopa kunena."

Ahedi anapumira m'mwamba, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati munthu wamba amene nayenso sanagone bwino. Anadzuka, anatenga chofufutira, n'kupukuta dzina la Nachoko, anayi aja n'kuwasiya.

"Kakhale pansi. Mayeso ulemba. Milungu yatsalayi ndisakuonenso ndi choko." Anatembenukira ku zenera. "Aphunzitsi, tiyeni ku ofesi. Enanu makope ndidzamaliza masana."

Bambowo anatola chibuku chawo chakuda ndi dzanja lamanzere, anachipana kukhwapa, n'kutsata ahedi.

Nachoko anapita kwa Kankhuku, amene anasendera kuti amupatse malo. Anayembekeza kuti chimwemwe chibwera, pakuti chimene ankaopa sabata yonse chinali chitachoka, koma sichinabwere. Pa zenera ankawaona awiriwo akudutsa pabwalo, mayi wamtali patsogolo, bambo wa phewa lotsika pambuyo, akuyenda pang'onopang'ono ngati mwana woitanidwa kukalandira chilango. Chisoni chinamulemera kuposa mantha aja.

Kenaka wina wa kumbuyo, wotsamira khoma, anafunsa ndi mawu ang'ono.

"Nanga mutu wotsala uja atilembera ndani?"

Ena anatembenukira kwa Nachoko mwachizolowezi. Iye anali ataika mutu pa desiki, manja onse awiri atawabisa pakati pa mawondo.